Mawu amene anatayika pa msewu wa ku Chiputo

Sabata yachiwiri ya February gulu lathu linapangana ndi makolo pa sukulu ina ya ku Chiputo kuti tikakambirane za mabuku a Chinyanja a kalasi yoyamba. Mvula inagwa usiku wonse ku Fingoè, komabe tinanyamuka. Titayenda ola limodzi tinapeza mtsinje utadzaza mpaka kumiza msewu, ndiye tinatembenuka. A dalaivala athu, bambo amene agwira chiwongolero zaka zoposa 20, anati adziwitse a mphunzitsi wamkulu tisanadutse kachitunda kamene netiweki imagwira. Galimoto inkaterereka m'matope, manja onse awiri anali pa chiwongolero, choncho anadina batani la mawu n'kuuza foni kuti itumize uthenga. Foni itafunsa kuti uthengawo ndi wotani, iwo anayankha m'Chipwitikizi kuti "Não chegamos hoje", kutanthauza kuti sitifika lero. Foni inabwereza zimene inalemba, koma injini inali ikulira ndipo mvula inkamenya denga. Iwo anangovomera. Uthenga umene unafika ku Chiputo unali wakuti "Chegamos hoje", tifika lero.

Makolo anasiya makasu m'munda, nyengo yopalira, n'kudikira pa sukulu mpaka dzuwa litapendeka. Tinakapepesa sabata yotsatira ndipo anatilandira bwino, koma amene anabwera pa msonkhano wachiwiri anali ochepa kuyerekeza ndi amene anadikira tsiku loyamba lija.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyesa mthandizi womvera mawu wa m'foni pa maulendo athu onse, m'galimoto ya pulojekiti komanso m'magalimoto a anzathu. Chiweruzo changa n'chakuti chipangizochi, monga chilili lero, sichinapangidwire misewu yathu, magalimoto athu kapena pakamwa pathu, ndipo pamene chikulephera chimakankhira mlandu kwa wolankhula. Zifukwa zake zili m'magulu awiri amene anthu amakonda kusakaniza. Zina ndi za waya ndi wailesi, zina ndi za chiyankhulo.

Ndiyambe ndi za wailesi, chifukwa ndi zimene zinadya "não" uja. Foni ndi galimoto zikalumikizana pa Bluetooth, mawu amayenda pa njira ziwiri zosiyana. Nyimbo zili ndi njira yake, yotchedwa A2DP, imene imachoka ku foni kupita ku masipika basi. Kuyimba foni kuli ndi njira ina, yotchedwa HFP, imene imanyamula mawu uku ndi uku ndipo ndi yokhayo imene imatsegula maikolofoni ya galimoto. Mthandizi wa m'foni amadutsa pa njira yachiwiriyi. Ndiye mukadina batani, galimoto iyenera kuyimitsa nyimbo, kutsegula njira ya foni, kenako n'kuyamba kutumiza mawu anu. Zimenezi zimatenga kanthawi, ndipo m'magalimoto ena kanthawiko kamabwerera nthawi iliyonse imene foni yafunsa funso n'kudikira yankho. Munthu amene wayankha mwachangu, monga timachitira tikamacheza ndi munthu mnzathu, mawu ake oyamba amagwera m'mpata umenewo.

Kwa ife nkhaniyi ndi yayikulu kuposa m'mene opanga angaganizire. M'Chipwitikizi mawu okana amatsogola. M'Chinyanja ndiye zafika poipa, pakuti kukana kumakhala pa phatikizo loyambirira lenileni. Chotsani "si" pa "sindibwera", mutsala ndi "ndibwera", chiganizo chabwinobwino chimene palibe angachikayikire. Chotsani "si" pa "sitinalandire mabuku", mwasokoneza lipoti lonse. Chiyankhulo chathu chimasenza katundu wambiri kumutu kwa liwu: amene akuchita, kukana, gulu la dzina. Choncho ngakhale tsiku limene mthandizi wa m'galimoto adzayambe kumva Chinyanja, vuto lodula mawu oyambali likadzakhala lisanakonzedwe, ife tidzavulala kwambiri kuposa olankhula Chingelezi.

Njira ya foni ija ndi yopapatizanso. Mwa kapangidwe kake koyamba imajambula mawu ka 8,000 pa sekondi, ndipo mbali ya mawu yopitirira pafupifupi 4,000 Hz imatayika. N'chifukwa chake munthu pa lamya yakale amamveka ngati akulankhulira m'chitini. Mu 2011 anatulutsa HFP 1.6 imene imajambula ka 16,000 pa sekondi, koma imagwira pokhapokha foni ndi wailesi ya galimoto zonse ziwiri zikuidziwa. Chimodzi chikakhala chakale, zonse zimatsikira ku njira yopapatiza ija. Munthu amene amadziwa chiyankhulo amadzaza yekha zimene zatayika. Makina amangolingalira, ndipo amalingalira motsamira mawu amene anamva kambiri pophunzira. Ganizirani kampweya kakang'ono kamene kamasiyanitsa "kola" ndi "khola", kapena "pala" ndi "phala". Onjezani phokoso la msewu wa mabampu, mawindo otsegula chifukwa cha kutentha kwa ku Tete, ndi maikolofoni yomatidwa kudenga, kutali ndi pakamwa. Mu chapa yodzaza anthu, nkhuku ndi matumba a chimanga, musayese n'komwe.

Palinso za magalimoto enieniwo. Ambiri mwa amene amayenda kuno anabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, popeza ifenso timayendetsa kumanzere. Mawailesi ake amalemba Chijapani, amagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz mpaka wina ataikamo kachipangizo kosinthira, ndipo ena amakupatsani moni m'Chijapani mukangoliza injini. Batani la mawu la pa chiwongolero m'magalimoto oterewa nthawi zambiri limadzutsa makina a galimotoyo, amene amadikira malamulo a Chijapani, osati mthandizi wa m'foni yanu. Apple CarPlay inatuluka mu 2014 ndipo Android Auto inafika m'magalimoto mu 2015, ndipo n'zoona kuti zimachepetsa ena mwa mavutowa. Koma galimoto yopangidwa zisanabwere ilibe, pokhapokha mwini wake atagula wailesi ina. Mawailesi otchipa amene amagulitsidwa m'misika ya ku Tete ena amagwira bwino, ena amakhala ndi maikolofoni yoti ngakhale mkazi wanu sangakuzindikireni mawu.

Tsopano za chiyankhulo, kumene ndikufuna kukhalitsa.

Siri inatuluka mu 2011 ndipo inayamba kumva Chipwitikizi mu 2015, Chipwitikizi cha ku Brazil. Google Assistant inabwera mu 2016. Palibe mwa ziwirizi imene mungaisankhire Chinyanja ngati chiyankhulo chochezera. Kuti tisanamizire, pali kusuntha kumene kwachitika. Google Translate inalandira Chichewa mu December 2014, ndipo mu October 2024 Google inalengeza kuti Chichewa chili m'gulu la ziyankhulo 15 za mu Africa zimene munthu angagwiritse ntchito pofufuza ndi mawu ndiponso polemba ndi mawu pa Gboard. Zimenezi n'zoyamikika. Koma ndi zida za munthu amene wakhala pansi, foni ili m'manja, maso ali pa galasi la foniyo. Dalaivala amene akulimbana ndi matope sizimufikira. Iye ayenera kusankha pakati pa Chipwitikizi ndi Chingelezi.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti a Mozambique pafupifupi 17 pa 100 alionse ndi amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo a Chinyanja ndi pafupifupi 8 pa 100. Ku Maravia, Chipwitikizi cha anthu ambiri ndi cha kusukulu ndi cha ku ofesi, ndipo chimatuluka ndi kamvekedwe ka Chinyanja kapena Chinsenga. "L" ndi "r" zimasinthana malo, mawu othera pa konsonanti amalandira vawelo kumapeto. Chimenechi si Chipwitikizi cholakwika. Ndi mmene chimalankhulidwira kuno, ndipo aliyense wa ku Tete amachimva osafunsa kawiri. Makina amene anaphunzira pa mawu a ku São Paulo kapena a ku Lisboa amachimva mwa apo ndi apo.

Kuti vutoli si lathu lokha zinaoneka mu 2020, pamene ofufuza a ku yunivesite ya Stanford, motsogozedwa ndi Allison Koenecke, anayesa makina omvera mawu a makampani asanu: Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft. Pa mawu 100 alionse, makinawo ankalakwitsa pafupifupi 19 wolankhula akakhala mzungu, ndi 35 akakhala munthu wakuda wa ku America. Onsewo ankalankhula Chingelezi, m'dziko limene makampaniwo ali. Ngati kusiyana kuli kotere pakati pa anthu a dziko limodzi, munthu wa ku Chiputo wolankhula Chipwitikizi ngati chiyankhulo chachiwiri, kudzera pa maikolofoni ya kudenga, asayembekeze zabwino.

Chimene chimandiseketsa ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi ndi mayina. Ntchito yaikulu ya mthandizi m'galimoto ndi kuyimbira munthu, ndiye ayenera kupeza dzina m'foni. Koma ife sitisunga anthu monga "dzina loyamba, dzina la bambo". M'foni ya a dalaivala athu muli "Malume a ku Malowera", "Amayi a Chikondi", "Apongozi", "Abusa", "Mekaniko 2". Munthu wamkulu sitimutchula dzina, ndipo m'foni momwe timamupatsa ulemu wake. Mthandizi woikidwa pa Chipwitikizi akawerenga "Chikondi" amati "Shikondi", chifukwa "ch" wa Chipwitikizi amamveka choncho. Woikidwa pa Chingelezi akaona "Phiri" amati "Firi". Kuti akupezereni munthu, muyenera kutchula dzinalo molakwika monga iye amaliwerengera. Ndinawamva bambo aja, a Phiri enieni mwa mfunda wawo, akuuza foni kuti iyimbire "Firi", m'bale wawo wa bere limodzi. Inagwira ulendo womwewo. Anaseka n'kunena kuti, "Mwaona aphunzitsi, ikufuna tizilankhula ngati azungu." Ine sindinaseke kwambiri.

Pano tiyenera kuvomerezanso kuti kalembedwe kathu kamasokoneza makina, ndipo mlanduwo si wa kampani yokha. Ku Malawi amalemba "ch" m'mawu ngati Chichewa. Kuno, potsatira misonkhano yokonza kalembedwe ka ziyankhulo za Mozambique ya 1988, 1999 ndi 2008, mabuku a sukulu amalemba "c", n'chifukwa chake timaona Cinyanja, ndipo ku Zambia amachitanso chimodzimodzi. Pamwamba pa izo pali kalembedwe ka Chipwitikizi ka pa zikwangwani ndi pa ziphaso, kamene kamalemba "nh" pamene ife timalemba "ny", n'kulemba Cassacatiza ndi "c" ndi "ss". Liwu limodzi likhoza kukhala ndi zovala zitatu. Makina owerenga mwa Chipwitikizi akaona Cinyanja amayamba ndi "si". Mayina a malo nawo ali ndi mavuto ake: Fingoè mumampeza ndi kachizindikiro koweramira uku, kwina koweramira uko, kwina alibe. Pa mapu a m'foni midzi yambiri imene timapitako mulibe n'komwe, ndiye kuuza mthandizi kuti akutsogolereni ku sukulu yakutiyakuti kuli ngati kufunsa njira kwa mlendo amene wafika dzulo.

Ndipo sitilankhula chiyankhulo chimodzi pa chiganizo chimodzi. Aliyense amene wakhalapo mu ofesi ya aphunzitsi amadziwa ziganizo ngati "Auzeni a director kuti reunião yasintha, tikumana quinta-feira." Umu ndi mmene anthu a ziyankhulo ziwiri amalankhulira kulikonse. Mu 2018 Google inalengeza kuti mthandizi wake akhoza kumva ziyankhulo ziwiri, poyamba pakati pa Chingelezi, Chijeremani, Chifalansa, Chisipanishi, Chitaliyana ndi Chijapani. Koma tanthauzo lake linali lakuti funso ili mufunse m'chiyankhulo chimodzi, funso lotsatira m'chinzake. Maganizo amenewa, oti munthu wa ziyankhulo ziwiri ali ngati anthu awiri ogona m'nyumba imodzi osalankhulana, ife a zamaphunziro timawadziwa bwino, chifukwa tinalimbana nawo m'makalasi kwa zaka zambiri.

Za netiweki sinditaya nthawi. Zambiri zimene mthandiziyu amachita zimafuna kuti mawu anu apite pa intaneti kukamasuliridwa kutali n'kubwerera. Pakati pa Bene ndi Fingoè, ndiponso m'misewu yolowera m'midzi, muli malo ataliatali opanda netiweki. Mukadina batani pamalo otere mumadikira, kenako amakuuzani mwaulemu kuti china chake chalakwika.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi ngozi. Lamulo la pamsewu la dziko lino, Decreto-Lei 1/2011, limaletsa kugwira foni poyendetsa koma limalola zipangizo zolankhulira popanda kugwira. Anthu ambiri amamva ngati lamulo likunena kuti kulankhula ndi foni mwa njira imeneyi kulibe vuto. Kafukufuku sakunena choncho. Mu 2015 David Strayer ndi anzake a ku yunivesite ya Utah, mothandizidwa ndi AAA Foundation for Traffic Safety, anapeza kuti munthu akamaliza kulamula makina ndi mawu, maganizo ake akhoza kutenga mpaka masekondi 27 asanabwerere kwathunthu pa msewu. Anapezanso kuti makina olakwitsalakwitsa ndi amene amasokoneza kwambiri. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, masekondi 27 ndi mamita 450. Pa mtunda wotere pa misewu yathu mukumana ndi njinga yonyamula makala, mbuzi, ndi ana a kalasi yoyamba akuyenda m'mphepete. Tsono anthu a mu kafukufukuyo ankalankhula Chingelezi chawo chobadwa nacho kwa makina opangidwira Chingelezi. Dalaivala wathu amayamba wamasulira uthenga m'mutu, n'kukonza katchulidwe kuti kafanane ndi ka ku Brazil, n'kubwereza kawiri kapena katatu, kenako n'kuyang'ana pa foni kuti aone ngati yalemba zoona. Ndawerengapo kangapo: pofika pomwe uthenga wapita, maso achoka pa msewu kambiri kuposa akanangoima pambali n'kulemba ndi chala.

Kodi palibe chabwino? Chilipo. Kulandira foni yobwera podina batani limodzi kumagwira bwino pafupifupi m'galimoto iliyonse imene ndayesa, ndipo n'kwabwino kuposa kupisa m'thumba galimoto ikuyenda. Manambala akatchulidwa limodzilimodzi m'Chipwitikizi amamveka nthawi zambiri. Mayina ochepa amene mumawayimbira tsiku ndi tsiku mukhoza kuwasunga mwachidule, ndi mawu amene makina amawadziwa, monga "Casa" kapena "Escola". Ndipo ndaphunzira kudikira kulira kwa kabelu, kuwerenga "modzi, wiri" mumtima, ndiyeno n'kulankhula. Koma taonani kuti m'zonsezi wosintha ndi munthu. Njira imene anthu kuno anaipeza okha, yotumizirana mawu ojambula pa WhatsApp, imaposa zonsezi pa chifukwa chimodzi: mawu amafika monga anatulukira, m'chiyankhulo chilichonse, ndipo womasulira ndi munthu amene amakudziwani.

Tsiku lija uthenga utalakwika, a dalaivala sananene kuti foni yalakwitsa. Anati, "Chipwitikizi changa n'cha kumudzi, aphunzitsi, n'chifukwa chake." Mawu amenewa ndawamva kwa ana ambiri ndi kwa makolo awo. Pamene PEBIMO inkayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, ndi m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, kuyambira 1993 mpaka 1997, inkalimbana ndi chikhulupiriro chomwechi, chakuti mwana akapanda kumvana ndi sukulu ndiye kuti wolephera ndi mwanayo. Maphunziro a ziyankhulo ziwiri atalowa m'sukulu za boma mu 2003, chimene aphunzitsi ambiri anaona msanga chinali chakuti ana amene ankaoneka osalankhula anayamba kuyankha ndi kutsutsa m'kalasi. Zimandiwawa kuona bambo wa zaka zoposa 50, wodziwa Chinyanja, Chinsenga, Chinyungwe ndi Chipwitikizi, akudzichepetsa pamaso pa kachipangizo kamene sikangathe kusiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika.

Chitsanzo cha mtengochi ndachisankha dala. Mawu awiriwa timawalemba mofanana koma timawatchula ndi kamvekedwe kosiyana, kukweza kapena kutsitsa mawu, ndipo kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi. Makina ophunzira Chinyanja ayenera kumva anthu ambiri, kwa maola ambiri, akulankhula zinthu zosiyanasiyana. Apa ndi pamene pali njala. Whisper, makina amene OpenAI inatulutsa mu 2022, anaphunzira pa maola 680,000 a mawu, ndipo pa ziyankhulo zake pafupifupi 100 Chishona ndi Chiswahili zilipo koma Chinyanja palibe. Mu 2023 Meta inatulutsa makina omva ziyankhulo zoposa 1,100, koma mawu ambiri ophunzirirapo anali a anthu owerenga Chipangano Chatsopano, pafupifupi maola 32 pa chiyankhulo chilichonse. Munthu wowerenga Baibulo m'chipinda chachete, pang'onopang'ono, salankhula ngati dalaivala amene akufunsa ngati mlatho wadutsika. Ntchito imene ndikuiona kuti ikulunjika koyenera ndi ya Zambezi Voice ya ku University of Zambia, imene inasonkhanitsa mawu a Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi n'kuwaika poyera kuti aliyense agwiritse ntchito. Komabe Chinyanja cha ku Lusaka kapena cha ku Lilongwe si chofanana ndendende ndi cha ku Maravia, ngakhale kuti dera lino ndi limene kunali likulu la ufumu wa Undi ndipo dzina lake lenilenilo likuchokera kwa Amaravi. Mawu obwereka athu ndi a Chipwitikizi, awo ndi a Chingelezi. Makina ophunzira kumeneko akadzafika kuno adzamva "sukulu" ndi "teacher", koma "caderno" ndi "prova" zidzawadutsa.

Pa msonkhano wathu wapitawu ena anafunsa ngati tingagwiritse ntchito mafoni omvera mawu poyesa mmene ana akuwerengera, kuti tichepetse maulendo. Yankho langa pakadali pano ndi ayi. Kalasi ya ana 70 yofolera ndi malata ili ndi phokoso loposa la m'galimoto, mawu a ana ndi ovuta kwa makinawa kuposa a akuluakulu, ndipo makina akalephera kumva, pa pepala padzalembedwa kuti mwana walephera kuwerenga. Enanso anakumbutsa kuti pulojekiti ili ndi maola ambiri a mawu amene tinajambula m'makalasi a ku Maravia, ndipo ndi mtundu weniweni wa mawu amene akusowa. N'zoona. Koma makolo anavomera kuti tijambule ana awo pofuna kafukufuku wa kaphunzitsidwe, osati kuti mawuwo akaphunzitse makina a wina aliyense. Tikafuna kutero tiyenera kubwerera kwa iwo, kukhala pansi, n'kufotokoza m'Chinyanja chomveka kuti mawuwo apita kuti, adzawasunga ndani, ndipo anawo adzapindula chiyani. Nkhaniyi taiika pa ndandanda ya msonkhano wa makolo wotsatira ku Chiputo.

Za m'galimoto ya pulojekiti tagwirizana kale. Uthenga uliwonse wokhudza tsiku, nthawi kapena ndalama sutumizidwa galimoto ikuyenda. Wokhala kumpando wa kutsogolo ndiye amagwira foni, ndipo dalaivala akakhala yekha amaima pambali, n'kuyimba kapena kujambula mawu ake m'chiyankhulo chimene iye ndi womulandirayo amalankhulana masiku onse.